Mpata umodzi unandidyera mawu a anganga

Amene bandulo yanu ili kumapeto musaope, muno mulibe vidiyo kapena chithunzi, ndi malemba okhaokha. Koma ndi aatali, ndiye pezani pokhala kaye. Lero sindikamba za mtengo wa usipa kapena za ndale ayi. Ndikamba za kompyuta, komanso za cholakwa chomwe ndinachita ndi manja angawa, choti mpaka pano ndikachikumbukira nsima imandiwawa.

Ndakhala ndikuchibisa kwa nthawi yaitali. Chandiutsa ndi mnyamata wina wa pa Makawa yemwe anabwera sabata yatha atapanira laputopu m'khwapa. Akuti, "Achimwene, yangoda bii, ikungolemba tizilembo toyera. Ndikufuna ndikaigulitse kwa okonza mawailesi, mwina andipatsako ya sopo." Ndinamuuza kuti akhale pansi, laputopu yake sinafe, ikungomudikira kuti ayankhule nayo. Zomwe ndinamufotokozera tsiku limenelo ndi zomwe ndikulembazi.

Amene simundidziwa, kwathu ndi pa Nkopola, m'mbali mwa msewu wochokera ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Ababa ndi msodzi chibadwire. Ali ndi boti limodzi, injini ndi chilimira. Zonse za malonda awo, kuyambira mafuta a injini, gawo la alovi, mpaka ngongole za azimayi otenga usipa kukagulitsa ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe, ankalemba m'buku limodzi la hadikava lomwe linkagona pansi pa matiresi.

Mukukumbukira nonse mmene nyanja inakwerera mu 2024. Madzi anadya gombe, analowa m'nyumba za anthu mpaka m'malo ogona alendo omwe. Kwathu anafika usiku. Tinapulumutsa ana, mbuzi ndi matumba a chimanga, koma buku lija tinalipeza mawa lake litasanduka phala. Ababa anakhala pakhonde osayankhula tsiku lonse. Ngongole zina anazikumbukira pamtima, zina zinapita ndi madzi, ndipo anthu ena omwe ankadziwa kuti ali nazo anangoti zii, mpaka lero.

Achimwene anga a ku Joni atamva, anatumiza laputopu yakale kudzera kwa munthu wobwera pa basi. Inali yotopa, ukaiyatsa umatha kuphika tiyi isanatseguke. Mnzanga wina yemwe tinaphunzira limodzi ku sekondale, amene panthawiyo ankaphunzira za makompyuta ku yunivesite ku Zomba, anabwera pa holide n'kuchotsamo zonse zomwe zinalimo, n'kuikamo Ubuntu. Kuyambira pamenepo inkathamanga ngati yatsopano. Ine ndinasanduka kalaliki wa ababa. Madzulo alionse iwo ankanena, ine n'kumalemba.

Ndifotokozeko pang'ono za Ubuntu ameneyu, chifukwa ena mumamuona ngati Windows wachinyengo. Mtima wake ndi Linux, yemwe anamuyamba ndi mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991 ali pa yunivesite ku Helsinki. Zida zambiri zozungulira mtimawo zinachokera ku ntchito ya GNU yomwe Richard Stallman analengeza ku America mu 1983. Mfundo yawo ndi yakuti pulogalamu ikhale poyera, aliyense aione mkati, aikonze, agawireko mnzake, popanda womutcha wakuba. Ubuntu anatuluka mu 2004, ndipo amene anaikapo ndalama ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo musalione lachilendo, ndi mawu omwewa timati umunthu. Ngakhale foni ya Android mukuwerengerapoyi, pansi pake pali Linux. Makina odina ndi chala aja olembera odwala m'zipatala zina za boma, omwe a Baobab Health anayamba nawo pa Kamuzu Central ku Lilongwe, anamangidwanso ndi mapulogalamu apoyera a mtundu womwewu. Choncho si chinthu cha azungu okha, chili pakati pathu kalekale.

Mu laputopuyo ndinali ndi mafoda awiri omwe ndinkawasamala. Ina inali Malonda, ya ababa. Ina inali Nyanja, yanga. Ya Nyanjayi ndiyofunika muimvetse.

Miyezi ya mwera, cha mu Juni ndi Julaye, pamene mphepo imakaniza anthu kulowa panyanja masiku angapo otsatizana, ndinkakhala ndi anganga anga aamuna, owabereka ababa. Maso anali atafooka koma mutu unali wakuthwa. Ndinkawayatsira foni iwo n'kumayankhula. Ankanena za nthawi yomwe chambo chinkagwidwa pafupi pomwepa mpaka kusowa wogula. Ankatchula mayina a malo a pansi pa madzi omwe utaka umasonkhana, mayina oti pa mapu simungawapeze. Ankafotokoza kusiyana kwa mwera, mpoto ndi mvuma poona mitambo yokha. Ndinajambula maulendo 14. Foni ikadzadza ndinkasamutsira mawuwo mu laputopu n'kufufuta mu foni. Anganga anatisiya kumapeto kwa Sepitembala. Ndinalonjeza amjomba ndi abale ena kuti akadzabwera ku sadaka, madzulo ake tidzakhala pabwalo n'kuwamveranso mawu.

Tsopano tifike pa tsikulo. Kunali kumapeto kwa Okutobala, kutentha kwa ku Mangochi mukukudziwa. Nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane inali pafupi, ndipo ababa amakonda kuwerengera zonse nthawi imeneyo, alovi alandire zawo aliyense akagule feteleza. Madzulo amenewo kunabwera mayi wina yemwe amatenga usipa wathu kupita nawo ku msika wa Limbe. Iwo ankati ngongole yawo ndi K90,000. Ababa ankati ndi K240,000. Mawu anayamba kukwera. Mayiwo galimoto yawo inkanyamuka m'mamawa, alovi atatu anali chiimire pa mpanda kudikira ndalama yomweyo. Ababa anandiitana, "Iwe, bweretsa chimakina chakocho, chitiuze."

Ndinaiyatsa. Ndinalemba pasiwedi, sikirini inaphethira n'kundibwezera pomwe ndinayambira. Ndinalembanso, chimodzimodzi. Kasanu konse. Thukuta linayamba kutsika. Mayi aja anaseka, akuti, "Bukutu linamira, nachonso chamira?" Ababa sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kundikalipira.

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kumuimbira mnzanga wa ku Zomba uja. Anandimvetsera kenako anati, "Usanjenjemere. Dina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi." Nditatero sikirini yonse inada, pamwamba pali mawu akuti login. Anati ndilembe dzina langa la pa kompyuta, kenako pasiwedi. Ndikulemba pasiwediyo palibe chomwe chinkaoneka, ngakhale kadontho. Ndinati kiyibodi yafanso. Iye anaseka, "Imatero dala, kuti woima kumbuyo kwako asawerenge kuti zilembo ndi zingati. Lemba basi, udine Enter." Nditadina panabwera mzere waufupi wothera ndi chizindikiro cha dola, ndi kamzere kophethira.

Pamenepo ndi pomwe amati terminal. Palibe zithunzi, palibe mausi. Umalemba lamulo, n'kudina Enter, makina n'kuyankha. Zithunzi zomwe timadina masiku onse ndi chovala chabe. Chovala chikang'ambika thupi limakhalapo.

Anati, "Choyamba dziwa pomwe waima." Lamulo lake ndi ili:

pwd

Linandiyankha kuti ndili mu /home kenako dzina langa, ndiko kunena kuti m'nyumba mwanga mwenimweni. Kenako anati ndione zomwe zandizungulira:

ls

Mayina onse a mafoda anatuluka, Malonda ali pompo. Mtima unakhala m'malo pang'ono. Polowa mufoda umalemba cd kenako dzina lake:

cd Malonda

Poyamba ndinalemba malonda ndi chilembo chaching'ono, inandikanira kuti kulibe. Linux amasiyanitsa M wamkulu ndi m wamng'ono, kwa iye ndi anthu awiri osiyana. Ukafuna kubwerera m'mbuyo sitepe imodzi umalemba cd ndi madontho awiri. Ukasokonekera kotheratu umalemba cd yekha, amakubwezera kunyumba.

Mwayi wake, mnzangayo anali atandiuza kalekale kuti fayilo ya ngongole ndiziisunga ngati csv, yomwe ndi malemba wamba olekanitsidwa ndi makoma, oti amawerengeka popanda pulogalamu yaikulu. Ukalemba cat ndi dzina la fayilo, zonse zimakhuthukira pa sikirini. Koma mizere inali yambirimbiri. Ndiye anandipatsa lamulo lomwe ndimalikonda mpaka lero, losefa ngati lichero:

grep -i limbe ngongole.csv

Limeneli limatola mizere yokhayo yomwe muli mawu omwe wafuna. Ka -i ako n'kouza makina kuti asasamale za chilembo chachikulu kapena chaching'ono. Ababa makasitomala awo sawalemba ndi mayina, amawatchula ndi komwe amachokera, ndiye kufufuza Limbe kunali kokwanira. Panatuluka mizere itatu. Pa 12 Ogasiti anatenga usipa wa K190,000. Pa 3 Sepitembala analipira K100,000 kudzera pa foni. Pa 20 Sepitembala anatenganso wa K50,000.

Ndinanyamula laputopu kupita nayo pakhonde, ndinawerenga mokweza. Ngongole yeniyeni inali K140,000. Ababa anaiwala ndalama yomwe inalowa pa foni, chifukwa masiku amenewo anganga anali atadwalika ndipo mutu wawo sunali pamalonda. Mayi aja anaiwala ulendo wachiwiri. Palibe yemwe ankaba. Mayiwo anatsegula foni yawo n'kupeza meseji ya pa 3 Sepitembala, kenako anakhala chete kuganizira za pa 20, n'kuti, "Zoonadi bambo, tsiku lija ndinatuma mwana." Anamasula mpango, anawerenga ndalama, alovi analandira. Ababa anangoti, "Chabwino," koma ndinaona kuti asangalala.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ili yokoma. Koma munthu ukagwira nsomba yaikulu kamodzi umayamba kudziona ngati nyanja ndi yako.

Anthu atabalalika ndinamuimbiranso mnzanga kuti tipeze chomwe chinavuta. Anati ndilembe:

df -h

Limaonetsa malo omwe atsala mu disiki. Pamzere wina panalembedwa 100%. Anati vuto ndi limenelo. Disiki ikadzadza thothotho, kompyuta imasowa polemba tinthu ting'onoting'ono tomwe imafuna potsegula zithunzi zija, ndiye imangokubwezera pakhomo. Kuti tidziwe chomwe chadzadzitsa, ndinabwerera kunyumba ndi cd n'kulemba:

du -sh *

Foda iliyonse inaonetsa kulemera kwake. Malonda inali yopepuka. Nyanja inali 3G. Koma panali foda ina yomwe sindinkaidziwa, dzina lake Nyanja 2, yolemera 61G. Nditasuzumira mkati ndinapeza mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa aja, ndi nyimbo zosawerengeka. Mng'ono wanga ndi amene ankakopera kwa anyamata otchajitsa mafoni, n'kuipatsa dzina lofanana ndi foda yanga kuti ndisaikayikire. Ndikumuuza mnzangayo zimenezi, mayunitsi anatha. Usiku unali utapita, pogula panali patatsekedwa.

Apa ndi pomwe ndikanayenera kutseka laputopu n'kukagona. Safunsa anadya phula. Koma ndinali nditakwiya ndi mng'ono wanga, komanso ndinali nditadzimva. Ndinkakumbukira kuti mnzanga uja anatchulapo kuti rm ndi lochotsa, ndipo ukawonjezera -r limachotsa foda ndi zonse za mkati. Ndinalemba chonchi, ndipo chonde inu musalembe:

rm -r Nyanja 2

Panapita kanthawi kochepa, kenako panatuluka mzere umodzi wa Chingerezi: cannot remove '2': No such file or directory. Sindinauganizire. Ndinati mwina ndi madandaulo wamba a makina. Ndinalembanso df -h, ndinaona yatsika kuchoka pa 100%. Ndinalemba sudo reboot, kompyuta inazima n'kuyakanso, ndinalemba pasiwedi, zithunzi zonse zinabwerera. Ndinaomba m'manja ndekha mumdima. Ndinatsegula intaneti ndi kabandulo kausiku, makina anapempha kuti alandire zatsopano, ndinavomera. Kenako ndinati ndimvereko mawu a anganga ndisanagone.

Foda ya Nyanja 2 inali pompo, mafilimu onse ali bwinobwino. Foda ya Nyanja kunalibe.

Abale, mvetsani chomwe chinachitika, chifukwa ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Pa terminal, mpata ndi malire. Ukasiya mpata, makina amaona ngati wamaliza dzina limodzi ndipo wayamba lina. Ine m'mutu mwanga ndinkati chotsa foda yotchedwa Nyanja 2. Makina anamva kuti chotsa Nyanja, ukatero uchotsenso 2. Anachotsa Nyanja mwakachetechete, chifukwa inalipo. Anafunafuna 2 osaipeza, n'kundiuza. Mzere wa Chingerezi uja unali kundiuza zoona zokhazokha, ine ndi amene sindinawerenge. Chopweteka china n'chakuti pamene ndinalemba ls poyamba paja, dzinalo linaoneka lili m'kati mwa timakoma tiwiri, 'Nyanja 2', pomwe mayina ena onse analibe. Makina ankandionetsa kalembedwe koyenera. Ine ndinaona ngati n'zokongoletsa.

Ndinathamangira ku bini ya pa sikirini. Munalibe kanthu. Chomwe wachotsa ndi mausi chimakagona mu bini, ukhoza kukachitola. Chomwe wachotsa ndi rm sichidutsa mu bini. Ndipo rm safunsa kuti watsimikiza kapena ayi, pokhapokha iwe utamuuza kuti azifunsa.

Sindinagone. M'mamawa ndinagula mayunitsi n'kumuimbira mnzanga. Funso lake loyamba linali lakuti, "Utachotsa unazimitsa pompo?" Ndinati ayi, ndinayatsanso, ndinalandiranso zatsopano za pa intaneti. Anapuma mozama. Anandifotokozera kuti rm kwenikweni amafufuta dzina la fayilo m'kaundula n'kulengeza kuti malowo ndi aulere, koma zomwe zinalembedwazo zimakhala zikadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ndiye poti disiki yanga inali yodzadza, malo aulere omwe analipo ambiri anali omwewo munali anganga. Chilichonse chatsopano chomwe ndinalandira usiku umenewo chinkakhala pa mawu awo.

Loweruka lotsatira anakwera minibasi kuchoka ku Zomba kudzera pa Liwonde, ndinakamuchingamira ku boma. Anayatsa laputopuyo kuchokera pa fulashi kuti disiki isakhudzidwenso, n'kuyendetsa pulogalamu yotchedwa PhotoRec, yomwe imasesa disiki yonse kufunafuna zotsalira. Inayenda usiku wonse. Tinapeza zithunzi zambiri, zina zodukaduka, zonse zopanda mayina. Pa maulendo 14 a mawu aja tinapeza awiri athunthu ndi chidutswa chimodzi. Achimwene a ku Joni anali ndi ena amodzi omwe ndinawatumizira pa WhatsApp mwezi wa Julaye. Basi. Enawo anapita. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku la sadaka ndinawauza amjomba zoona. Ndinaganizapo zonamizira mng'ono wanga, kapena kunena kuti makina anaonongeka okha, ndipo aliyense akanakhulupirira. Koma mng'ono wangayo anangoika mafilimu, sanachotse kanthu. Makina nawo anachita ndendende zomwe ndinawauza. Amjomba anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati, "Tiyatsire zomwe zatsalazo."

M'chidutswa chija anganga akufotokoza mmene ankapezera malo awo usiku kusanabwere mafoni. Akuti msodzi saponya ukonde asanapeze zizindikiro ziwiri. Uyang'ane chilumba cha Boadzulu chili mbali iti, uyang'anenso kuwala kwa kutsidya ku Malindi kwagwirizana ndi phiri liti. Ukapeza chimodzi chokha usaponye, ukhoza kukola miyala n'kung'amba ukonde wa chaka chonse. Mawuwo amadukira pakati pa chiganizo. Ababa atamva anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mwina mukuganiza kuti kuchokera pamenepo ndinaithawa terminal. Ayi. Ndinaona kuti vuto silinali kudziwa, linali kudziwa theka. Ndinakhala pansi n'kuphunzira bwinobwino, ndipo lero ntchito zambiri za ababa ndimachitira pomwepo. Mu Ubuntu sufunikanso kudikira kuti zinthu zivute, ukadina Ctrl, Alt ndi T imatseguka pawindo lake. Nazi zomwe ndimatsatira, zomwenso ndinamulembera papepala mnyamata wa pa Makawa uja.

Choyamba, ndisanachotse kapena kusuntha chilichonse, ndimalemba pwd kenako ls. Ndili pati, ndazunguliridwa ndi chiyani. Zizindikiro ziwiri.

Chachiwiri, mayina a mafoda sindimalemba ndi manja mpaka kumapeto. Ndimalemba zilembo zoyamba n'kudina Tab, makina amamaliza okha, ndipo ngati m'dzinamo muli mpata amauteteza okha ndi kamzere kopendekera. Ngati pali mayina awiri ofanana poyambira, amaima n'kukudikira, ukadinanso Tab amakuonetsa onse. Usiku uja ndikanatero, bwenzi nditaona Nyanja ndi Nyanja 2 zitandandalikana. Ngati walemba wekha, dzina la mpata uliike m'kati mwa makoma, "Nyanja 2". Koma kuposa zonse, leka kuika mipata m'mayina. Lemba Nyanja_2.

Chachitatu, rm ndinamuika patali ngati mpeni pamaso pa ana. Ndinapanga foda ndi lamulo la mkdir zotaya, ndipo chomwe sindikuchifuna ndimachisamutsira kumeneko ndi mv. Chimakhala sabata. Ngati palibe wachilira, ndimachotsa ndi rm -ri, yemwe amafunsa pa chilichonse asanachichotse. Zimachedwa, koma kuchedwa kumeneko ine ndikukudziwa mtengo wake.

Chachinayi, makina akayankha, werenga. Pa terminal kukhala chete kumatanthauza kuti zachitika. Akalemba mzere, ndiye kuti pali chomwe akukuuza. Ngati Chingerezi chake chavuta, jambula ndi foni utumizire wodziwa, ndipo usadine china chilichonse mpaka atayankha.

Chachisanu, sudo si mawu ongoyambira chiganizo. Ukalemba sudo ndiye kuti wavala chipewa cha mwini boti, makina sakukanizanso kanthu, ngakhale utawauza kuti adziboole okha. Ndimagwiritsa ntchito polandira zatsopano, sudo apt update kenako sudo apt upgrade, kapena poika pulogalamu ndi sudo apt install. Munthu akakutumizirani lamulo loyamba ndi sudo inu osalimvetsa, musalembe. Ena amatumiza zoononga mongoseka.

Chachisanu ndi chimodzi, buku la malangizo lili m'makina momwemo, silifuna bandulo. Lemba man rm kapena man cp, likufotokozera zonse, ukatopa udine q. Lamulo likamathamanga osaima, Ctrl ndi C limaliimitsa. Kabatani koloza m'mwamba kamakubweretsera zomwe unalemba kale, koma uwerenge usanadine Enter.

Chomaliza, chinthu chomwe chili pamalo amodzi sichinasungidwe. Buku la ababa linali pamalo amodzi, mawu a anganga anali pamalo amodzi. Pano Lachisanu lililonse ndimalowetsa fulashi n'kukopera ndi cp -r foda ya Malonda yonse, ndipo fulashiyo imagona kwa alongo anga kumtunda, kutali ndi madzi. Mawu anayi otsala aja ali pa fulashi ziwiri, mu foni yanga, komanso ku Joni. Ndipo ngati tsoka litakugwerani mwachotsa chofunika, zimitsani makina nthawi yomweyo. Musayatsenso mpaka mutapeza wodziwa.

Ndikudziwa kuti ambiri muli ndi malaputopu akale ochokera kwa abale a ku Joni. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akalewa sangalandire Windows 11. Musawataye. Ubuntu amatulutsa mtundu wokhalitsa mwezi wa Epulo zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo uliwonse amausamalira zaka zisanu kwaulere. Makina ofooka kwambiri amayenda bwino ndi Lubuntu kapena Linux Mint. Mwana wa msodzi amene amatha kuwerenga mphepo ndi kusunga m'mutu gawo la alovi khumi sangalephere malamulo khumi a zilembo ziwiriziwiri. Sizifuna digiri. Zimafuna kudekha komwe makolo athu anali nako kale.

Laputopu ya mnyamata wa pa Makawa vuto lake linali lomwelo, disiki yodzadza. Tinalowa ndi Ctrl, Alt ndi F3, tinayeza ndi du, tinapeza chodzadzitsa. Atafika pochotsa dzanja lake linathamangira pa Enter, ndinaligwira. Ndinati awerenge mokweza zomwe walemba, kawiri. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anawerenga. Anapita kwawo laputopu ikuyenda, ndipo satifiketi zake zomwe anazisunga momwemo zili bwino.

Ndayambanso kujambula. Tsopano ndi ababa. Poyamba ankakana, akuti iwo si anganga, sadziwa kukamba. Koma mwera ukawomba amakhala pakhonde akusoka ukonde, ine n'kuika foni pambali, pang'onopang'ono amayamba. Mayina ena a malo omwe ndinkati anapita ndi foda ija akutuluka m'kamwa mwawo. Ena sawakumbukira, amati, "Amenewo ankawadziwa ndi akuluakulu aja." Akatero ndimangokhala chete.

Amene muli ndi agogo amoyo, ajambuleni sabata ino, ndipo musunge pawiri. Amene muli ndi laputopu yoda sikirini, musaigulitse kwa okonza mawailesi, ndipezeni pa Nkopola Lamlungu masana, sindilipiritsa, mungobwera ndi chaja yanu. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tumizani uthengawu kwa aliyense yemwe ali ndi makina otere.